TSIDYA LINO NDI TSIDYA LIJA: KACIDUTSWA KA TRANS- M'MAU A CINGEREZI

Phunziro lathu la lero ndi la Cingerezi, koma tilikamba m'Cinyanja kuti aliyense alitsate bwino kufikira kumapeto. Ndipempha aphunzitsi kuti atenge coko, alembe pabolodi zilembo zisanu izi: t, r, a, n, s. Zikatha zilembozo paikidwe kamzere kakafupi, kosonyeza kuti liu silinathe. Tsopano tonse tiwerenge pamodzi mokweza: trans.

Pali cinthu cimene cimaopsa ana ambiri akafika m'makalasi a pamwamba. M'mabuku oyamba mau a Cingerezi amakhala aafupi, monga dog, sun, run ndi milk. Koma mwana akatsegula buku la sayansi kapena la za maiko, amakumana ndi mau aatali ngati nsato, monga transportation, transpiration ndi transformation, ndipo pomwepo nkhongono zimazizira. Ena amangowaloweza pamtima osadziwa cimene akunena, ndipo tsiku la mayeso funso likabwera litatembenuzidwa pang'ono, zonse zimabalalika. Komatu mau aataliwa sanagwe kucokera kumwamba ali amphumphu. Anacita kumangidwa, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa, ndipo munthu wodziwa njerwazo angathe kuwaphwasula ndi kuona za m'kati mwake.

Kacidutswa kali pabolodika kamakhala kumayambiriro kwa liu lina, n'kulisintha tanthauzo. Angerezi amakacha prefix, ndipo dzinali nalonso ndi lomangidwa: pre ndiye kuti patsogolo, fix ndiye kuti kukhomera. Ife olankhula Cinyanja sitiyenera kudabwa nazo zimenezi, pakuti cinenero cathu cimaidziwa nchitoyi kuposa Cingerezi. Taonani tsinde lakuti -nthu. Tikaikako mu- tipeza munthu. Tikaikako ci- tipeza cinthu. Tikaikako ka- tipeza kanthu. Mwana wa zaka zitatu amacita zimenezi popanda womuphunzitsa. Cimene tifuna lero n'cakuti nzeru imene muli nayo kale m'cinenero ca kwanu muigwiritsenso nchito pa cinenero ca eni.

Trans kanacokera ku Cilatini, cinenero ca anthu akale a mumzinda wa Roma, m'dziko la Italy. Kumeneko kanali liu lokwanira, loima palokha, ndipo tanthauzo lake linali kuoloka, kapena kutsidya. Mzinda wa Roma unamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Tiber. Mbali yaikulu ya mzindawo inali cakum'mawa kwa mtsinje, koma kunalinso anthu okhala tsidya linalo, ndipo Aroma pochula dera limenelo ankati trans Tiberim, ndiye kuti kutsidya kwa Tiber. Dzinalo lilipobe mpaka lero, ngakhale kuti m'kamwa mwa anthu a ku Italy linafewa n'kukhala Trastevere.

Liu limeneli linali ndi linzake loyang'anana nalo, lakuti cis. Kumpoto kwa Italy kuli mapiri aatali ochedwa Alps, ndipo mbali zonse ziwiri za mapiriwo kunkakhala mtundu wa anthu umene dziko lao Aroma ankalicha Gallia. Cigawo cimene cinali mbali ya ku Roma anacicha Gallia Cisalpina, ndipo ca kuseri kwa mapiri anacicha Gallia Transalpina. Ife tili nao mau ake enieni a zimenezi. Cis ndi tsidya lino, trans ndi tsidya lija. Aliyense amene anaimapo padoko kuitana mwini bwato wamvetsa kale phunziro la lero.

Nanga kaliu ka ku Roma kanafika bwanji m'kamwa mwa Angerezi? Ulendo wake unali wautali, ndipo sunayende njira imodzi. Asilikali a Roma analowa m'cisumbu ca Britain m'caka ca 43, m'nthawi ya mfumu Claudius, ndipo ulamuliro wao unakhalako mpaka ca m'ma 410. Munthu angaganize kuti Cingerezi cinatola mau ake a Cilatini nthawi imeneyo, koma ai. Makolo a Angerezi, mitundu ya Angles ndi Saxons, anadzakhazikika pacisumbupo Aroma atacoka kale, ndipo anabwera ndi cinenero cao, cacibale ndi Cijeremani. Cilatini cinadzalowanso ndi Cikhristu, pamene Augustine anafika ku Canterbury m'caka ca 597 atatumidwa ndi Papa Gregory. Kuyambira pamenepo cinakhala cinenero ca m'chalichi, ca m'sukulu ndi ca m'mabuku.

Citseko cacikulu cinatseguka m'caka ca 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa Angerezi pankhondo ya ku Hastings n'kulowa ufumu. Iye ndi nduna zake ankalankhula Cifalansa, ndipo Cifalansa ndi mwana wa Cilatini, monganso Cipwitikizi, Cisipanishi ndi Citaliyana. Kwa zaka pafupifupi 300 Cifalansa cinali cinenero ca kunyumba ya mfumu ndi ca m'mabwalo a milandu, pamene Cingerezi cinatsalira kwa alimi ndi anchito. Pamene Cingerezi cinadzukanso, cinali citameza mau a Cifalansa zikwizikwi. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, mabuku osindikiza ataculuka, anthu ophunzira anayamba kutapa mau mwacindunji m'mabuku a Cilatini nthawi iliyonse imene asowa liu lochulira cinthu catsopano. N'cifukwa cake lero, mukatsegula buku lomasulira mau a Cingerezi, oposa theka la mau ake ndi ocokera ku Cilatini, ena mwacindunji, ena kudzera m'Cifalansa.

Ndingopatukako pang'ono. Cilatini cinafika ngakhale kwa ife, Angerezi asanaponde kuno. Apwitikizi amene ankacita malonda m'mbali mwa Zambezi, ku Tete ndi ku Zumbo, anatisiyira liu lakuti kalata, locokera ku carta, ndipo gwero lake ndi charta, pepala m'Cilatini. Anatisiyiranso kapitao, liu limene muzu wake ndi caput, kutanthauza mutu. Cotero gogo amene sanalowepo m'kalasi akamati wapita kukapereka kalata kwa kapitao, walankhulako Cilatini kawiri.

Tiyeni tsopano tiphwasule mau. Tiyambe ndi limene aliyense amalidziwa, lija timati thiransipoti tikamadikira basi pasiteshoni. Aphunzitsi, lembani transport, ndipo mudule mzere pakati pa s ndi p. Kumanzere kwatsala trans, kuoloka. Kumanja kwatsala port, kucokera ku portare, kunyamula. Transport ndiye kuti kunyamula cinthu n'kucioloka naco, kucicotsa kuno kupita naco uko. Mwana amene wagwira tsinde lakuti port wapata mau ena anai paulere. Porter ndi wonyamula katundu. Portable ndi cinthu conyamulika. Export ndi kunyamula kupita kunja, monga timacitira ndi mkuwa wathu, ndipo import ndi kunyamula kulowetsa m'dziko. Liu lomweli linakhalapo ndi tanthauzo lowawa. Pakati pa 1788 ndi 1868, makhoti a ku Britain ankapereka cilango cochedwa transportation: wopezeka wolakwa ankakwezedwa m'combo kupita naye ku Australia, ndipo anthu oposa 160,000 anaolotsedwa nyanja motero, ambiri a iwo osadzaonanso kwao.

Liu lakuti transit ndi lofunika kwa mwana aliyense wa m'Zambia. Tsinde lake ndi ire, kupita, motero transit ndi kupita modutsa, osakhazikika. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamcere; lazingidwa ndi maiko asanu ndi atatu. Mkuwa wathu usanakwere combo uyenera kudutsa m'dziko la eni, ndipo nthawi yonse imene uli m'njiramo amalonda amati uli in transit. Akuluakulu akumbukira caka ca 1973, pamene boma la Ian Smith ku Rhodesia linatseka malire, njira ya kum'mwera n'kuduka. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, imene inamalizidwa mu 1975, inamangidwa kuti katundu wathu akhale ndi podutsira pena. Mukadzaona zilembo za liu limeneli pamalole aakulu odutsa pa Chirundu kapena pa Nakonde, mudziwe kuti katunduyo ndi mlendo wongopita.

Tsopano yang'anani wailesi imene ili patsogolo panuyo. Mau anga akufikani bwanji, popeza palibe cingwe pakati pa ine ndi inu? Pali makina amene amasandutsa mau kukhala mafunde osaoneka n'kuwaponya m'mlengalenga, ndipo mafundewo amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Makinawo amachedwa transmitter, kucokera ku mittere, kutuma. Transmit ndi kutuma cinthu kuti cioloke cikafike kwa wina. Tsinde lomweli ndi limene lili m'liu lija la mishoni, pakuti amishoni anali anthu otumidwa. Madokotala naonso amati udzudzu umacita transmit malungo, pakuti umatenga tizilombo mwa munthu uyu n'kukatitula mwa uyo. Guglielmo Marconi, ali ku St John's m'cisumbu ca Newfoundland, analengeza kuti pa 12 December 1901 anamva cizindikiro ca cilembo ca S cotumizidwa popanda waya kucokera ku Poldhu, kum'mwera cakumadzulo kwa England. Uthengawo unachedwa transatlantic, wooloka nyanja ya Atlantic.

M'kati mwa wailesiyo mulinso kacipangizo kena ka dzina la mtundu womwewu. Wailesi yoyamba imene anthu wamba a dziko lino anatha kugula inali ija ya Saucepan Special, imene inafika mu 1949, yooneka ngati poto. Inkayendera timababu tagalasi totentha, ndipo inkafuna batire lalikulu lolemera. Koma ca kumapeto kwa 1947, ku Bell Laboratories ku America, John Bardeen ndi Walter Brattain, a m'gulu lotsogozedwa ndi William Shockley, anali atapanga kale kanthu kakang'ono kogwira nchito ya timababu tija popanda kutentha ndiponso kosadya moto wambiri. Mnzao wina, John Pierce, ndiye anakapatsa dzina mu 1948: anatenga trans n'kulumikiza ndi mcira wa mau a zamagetsi monga resistor, ndipo panabadwa transistor. Mroma wakale sakanalimva liu limeneli. Ici cisonyeza kuti kacidutswa kathu kakali ndi moyo. Cinenero cimene kanabadwiramo cinaleka kulankhulidwa m'makomo zaka mazana ambiri zapitazo, koma iko kakubalabe mau atsopano.

Aphunzitsi, liu lotsatirali ndi lanu, ndipo ndidziwa kuti ena mumaliyembekeza, ena mumaliopa: thiransifa. Transfer ndi trans pamodzi ndi ferre, mneni wina wa Cilatini wotanthauzanso kunyamula. Mneni ameneyu ndi wosamvera malamulo, monga go wa Cingerezi amene amasanduka went. Pofotokoza cinthu conyamulidwa kale, ferre amasanduka latus. Motero transferre ndi translatus ndi liu limodzi lovala malaya awiri, ndipo Cingerezi cinatenga malaya onse awiriwo: ena anakhala transfer, ena anakhala translate. Kalelo Angerezi ankagwiritsa nchito translate ngakhale posamutsa munthu. Bishopu akacotsedwa pampando wina kupita pa wina, ankati wacitidwa translate, ndipo m'machalichi ena amaterobe.

Apa ndipo pali cinthu cimene ine cimandikondweretsa kuposa zonse. Kwa wolankhula Cingerezi, amene akucita translate ali ngati mwini bwato: amanyamula uthenga tsidya lino la cinenero n'kukautula tsidya lija, ndipo nkhawa yake ndi yakuti katundu asagwere m'madzi. Makolo a Angerezi, asanabwereke liu la Cilatinili, anali ndi lao. M'nthawi ya mfumu Alfred, imene inalamulira kuyambira 871 mpaka 899, ankati wendan, kutembenuza. Nanga ife timati ciani? Timati kumasulira, kucokera ku kumasula. Kwa ife mau a cinenero cacilendo ali ngati mtolo womangidwa ndi luzi, kapena mfundo yothina, ndipo womasulira ndi amene amaumasulira anzake kuti aone za m'kati. Mwa zithunzi zitatuzi, ine ndiona kuti cathu ndico cimanena zoona kwambiri za nchito ya mphunzitsi. Mphunzitsi amene wangonyamula liu lakuti transpiration n'kulitula m'kope la mwana lili cimangire, waolotsa katundu ndithu, koma mwanayo sadziwa cimene walandira.

Tilimasule tsono liu limenelo. Spirare ndi kupuma. Transpiration ndi kupuma kodutsa m'kati mwa cinthu: madzi amene mizu yamwa m'nthaka amakwera m'thunthu, amafika m'masamba, n'kutuluka ngati nthunzi kudzera m'timabowo tating'onoting'ono. Mukafuna kuziona ndi maso, mangani thumba lapulasitiki loonekera m'kati kunthambi ya masamba aawisi m'mawa, ndipo pofika masana mudzapeza timadontho ta madzi m'thumbamo. Thumba loterolo Angerezi amati ndi transparent, pakuti parere ndi kuoneka: cinthu ca tsidya lija cikuoneka kudzera m'menemo. Pali kamsampha ka kalembedwe pano kamene kamakola ana ambiri. Trans amatha ndi s, spirare amayamba ndi s, koma akakumana s mmodzi amagwa. Timalemba transpire ndi s mmodzi yekha. Cimodzimodzi transcribe, kumene trans wakumana ndi scribere, kulemba.

Mpaka pano taona kuoloka kwa zinthu zocoka pamalo ena kupita pena. Mlimi wozula mbande za fodya kapena za repu kunazale n'kukaziokera kumunda akucita transplant, ndipo madokotala anabwereka liu la mlimili pamene anayamba kuokera ziwalo za anthu. Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina m'cifuwa ca mnzake pa 3 December 1967, pacipatala ca Groote Schuur ku Cape Town. Kuthira magazi a wina mwa wodwala ndi transfusion, pakuti fundere ndi kuthira. Koma cinthu cingathe kuoloka cili pamalo amodzi. Mbozi imalowa m'cikwa n'kutuluka ili gulugufe: yaoloka kucoka m'maonekedwe ena kulowa m'ena. Apa trans watenga tanthauzo la kusintha, ndipo forma ndi maonekedwe, motero transform ndi kusanduliza. Cibokosi cacitsulo cija cimalira pamitengo ya magetsi, cimene timati thiransifoma, dzina lake n'locokera pomwepa. Magetsi ocokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge amayenda m'mawaya aakulu ndi mphamvu yofika mavoliti 330,000, imene ingapsereze nyumba nthawi yomweyo. Zibokosizo zimaitsitsa pang'onopang'ono mpaka ifike pafupifupi 230, yoyatsira babu.

Ngakhale m'phunziro la malamulo a cinenero kacidutswa kathu kalimo. Ana ambiri amavutika kusiyanitsa transitive verb ndi intransitive verb, koma dzinalo likudzifotokoza lokha. Mneni wa transitive ndi amene nchito yake imaoloka kucoka kwa wocita kukagwera cinthu cina. Tikati mwana wagwa, nchito yathera pa mwanayo, palibe caoloka. Tikati mwana wagwetsa mbale, nchito yaoloka, yafika pambale. Cinyanja cimaonetsa kusiyanaku poyera, kugwa ndi kugwetsa, kuuka ndi kuutsa, kutuluka ndi kutulutsa, ndipo mphunzitsi woyambira pa zitsanzo zimenezi sadzataya nthawi yambiri pa za Cingerezi.

Tibwerere ku maina a malo, cifukwa muli nkhani yofunika kuiganizira. Agogo athu ena anakagwira nchito m'migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene ankati ku Joni, m'cigawo cimene nthawi imeneyo cinkachedwa Transvaal. Dzinali litanthauza kutsidya kwa mtsinje wa Vaal. Koma ndifunse: kutsidya kwa yani? Kwa Mabunu amene anacoka ku Cape m'zaka za m'ma 1830 akulowera kumpoto, dziko lija linalidi tsidya lija. Kwa Asotho, Atswana, Apedi ndi Avenda amene anali komweko kuyambira kale, linali tsidya lino, kwao kwenikweni, ndipo mtsinjewo Asotho anali ndi dzina lao louchulira, Lekoa. Cimodzimodzi Ciskei ndi Transkei, tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje wa Kei: amene anacha mainawo anaima mbali ya ku Cape. Boma la tsankho linadzalengeza kuti zigawo ziwirizo ndi maiko odziimira paokha, Transkei mu 1976 ndi Ciskei mu 1981, koma maiko ena a padziko lapansi anakana kuzivomereza. Mu 1994 zigawo zonse zitatuzi zinathetsedwa. Transkei ndi Ciskei zinalowa m'cigawo ca Eastern Cape, ndipo Transvaal inagawidwa, n'kutulukamo zigawo zimene lero zichedwa Gauteng, Limpopo ndi Mpumalanga, ndi mbali ina ya North West.

Cotero mukaona trans m'dzina la malo, mudzifunsa kuti wocha dzinalo anaima pati. Transylvania, m'dziko la Romania, ndi kuseri kwa nkhalango, pakuti silva ndi nkhalango. Koma ndi kuseri kwa munthu woyang'ana ali ku Hungary. Ife tomwe timacita zimenezi tsiku ndi tsiku. Wa ku Lusaka amati Petauke, Katete ndi Chipata zili kutsidya kwa Luangwa, pamene wa ku Katete amati amene ali kutsidya ndi wa ku Lusakayo. Onse awiri akunena zoona.

Nthawi zina kacidutswa kathu kamabisala. Aroma eni ake ankameza n ndi s pamaso pa zilembo zina. Trans ataphatikizidwa ndi dare, kupatsa, panatuluka tradere, kupereka cinthu m'manja mwa wina. M'menemo munacokera tradition, mwambo, cinthu cimene makolo amapereka kwa ana ao, cooloka kucoka mumbadwo wina kulowa mu wina. Koma kupereka kuli pawiri, monganso m'Cinyanja timati wapereka mphatso, timatinso wapereka mnzake kwa adani. M'caka ca 303 mfumu Diocletian inalamula kuti Akhristu apereke mabuku ao opatulika kuti atenthedwe. Atsogoleri ena a mpingo anakana, ena anapereka, ndipo operekawo anachedwa traditores. Kumpoto kwa Africa, m'dera la Carthage, mkangano wakuti anthu otere angakhalenso atsogoleri kapena ai unagawa mpingo kwa zaka zoposa 100. Liu la Cingerezi lakuti traitor, wopereka anzake, ndi locokera ku traditor yemweyo, ndipo treason, mlandu woukira dziko, ndi mphwake wa tradition. Palinso trespass, limene mumaliona pazikwangwani za pamipanda ya mafamu. M'kamwa mwa Afalansa akale trans anasanduka tres, ndipo trespass ndi kupitirira malire, kulowa pamene suyenera kulowa. N'cifukwa cake m'mapemphero a Cingerezi liu lomweli limaimira kulakwa.

Tsono cenjerani. Mwana akaphunzira nzeru yatsopano amafuna kuiyesa pa ciliconse, monga wogula nkhwangwa yatsopano amene amatema ndi mitengo ya zipatso yomwe. Si liu lililonse loyamba ndi tra- limene lili ndi trans m'kati. Sitima imaoloka mitsinje, koma train sacokera ku trans. Gwero lake ndi trahere, kukoka, pakuti mutu wa sitima umakoka mabogi. Tractor, thirakita yathu ija, ndi wa banja lomwelo, wokoka khasu. Travel, ngakhale atanthauza kuyenda ulendo, anacokera ku liu la Cifalansa lakuti travail, nchito yowawa, ndipo amene anayendapo ulendo wautali wapansi m'nyengo ya dzinja sangatsutse. Njira yodziyesera ndi iyi: cotsani kacidutswako, muone ngati cotsalaco ndi tsinde limene mumalipeza m'mau ena. Mukacotsa trans mu transport patsala port, amene ali mu export. Mukacotsa tra mu train patsala zilembo ziwiri zopanda nchito pamenepo. Pamene mwakayika, buku lomasulira mau ndilo liweruze.

Cingerezi cili nalo liu lakelake la banja limeneli, losabwereka kwa Aroma. Akatswiri oyerekeza zinenero anapeza kuti Cilatini, Cigiriki, Cijeremani, Cingerezi ndi Sanskrit ya ku India zinacokera ku cinenero cimodzi cakale kwambiri cimene sicinalembedwe, monga momwe Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Ciswahili ziliri ana a kholo limodzi. M'cinenero cakaleco munali muzu wotanthauza kudutsa. Kwa Aroma muzuwo unaphuka trans. Kwa makolo a Angerezi unaphuka liu limene lero ndi through. Abale awiriwa anasiyana njira zaka zikwi zingapo zapitazo, n'kudzakumananso pacisumbu ca Britain osazindikirana.

Nthawi yatithera, koma ndikusiyirani nchito. Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa lembani pabolodi mau awiri awa: transcontinental ndi translucent. Loyambalo ana alimasule okha popanda thandizo, pakuti continent amamudziwa kale. Pa laciwirilo muwauze cinthu cimodzi cokha, cakuti lucere ndi kuwala. Kenaka mutenge pepala loyera, mudonthezepo mafuta ophikira pang'ono, muliimike pazenera pafupi ndi galasi, ndipo muwafunse kuti pa ziwirizo transparent ndi citi, translucent ndi citi, ndipo cifukwa ciani. Musafulumire kuwauza yankho. Alekeni atsutsane kaye. Tsalani bwino, aphunzitsi ndi ana nonse.